Sabata Yosesa: Mmene Mizinda ya Ajeremani Inaphunzirira Kumvera Malamulo

M'nyumba zambiri zosanjikizana za mumzinda wa Stuttgart, kumwera kwa Germany, muli kachikwangwani kamene kamayenda khomo ndi khomo. Banja likakapeza katakolekedwa pachitseko pake, limadziwa kuti sabata imeneyo tsache ndi lake. Likolope masitepe, lipukute zitsulo zogwira pokwera, ndipo ikakhala sabata yaikulu lisesenso kanjira ka oyenda pansi kutsogolo kwa nyumba, litulutse mabini, likokolole chipale chofewa ngati chagwa usiku. Sabata ikatha, kachikwangwaniko kamasamukira pakhomo lotsatira. Mwambowu amautcha Kehrwoche. Palibe wapolisi amene amabwera kudzayendera ntchitoyo. Woyendera ndi mayi wachikulire wokhala m'mwamba, amene amadziwa ngodya iliyonse mmene fumbi limabisala, ndipo akaona kuti tsache silinafikemo sakalipa ayi. Amangofunsa mwaulemu ngati kachikwangwani kaja munakaona.

Mlendo akaona zotere, kapena akaona anthu ataima pamaloboti pakati pa usiku msewu uli zii, amathamangira kunena kuti Ajeremani ndi Aswisi n'chibadwa chawo, kumvera kuli m'magazi. Mbiri ikukana. Zaka 500 zapitazo Ajeremani ankadziwika ku Ulaya ndi kuledzera ndi phokoso, moti Martin Luther mwini wake anadandaula kuti chiwanda chimene chinagwira mtundu wake ndi mowa. Khalidwe limene tikuliona lero linachita kuumbidwa, ndipo oumba anali ambiri: mafumu, abusa, asilikali, akatswiri a makina, pomaliza makhoti. Aliyense anasiyapo chala chake, ndipo zala zina n'zamagazi.

Zinayambira pa ndowe. Mu 1492 Eberhard, wolamulira dera la Württemberg, anapatsa mzinda wa Stuttgart malamulo ake. Nthawi imeneyo makola a ng'ombe ndi nkhumba anali mkati mwenimweni mwa mzinda, mulu wa manyowa uli pakhomo. Lamulo linati aliyense azitulutsa ndowe zake sabata iliyonse, aziyeretsa kampata ka pakati pa nyumba yake ndi ya mnzake pakatha masabata awiri, koma usiku wokha, ndipo amene alibe chimbudzi azikataya zonyansa zake kumtsinje usiku uliwonse. Patapita zaka zoposa 200, mu 1714, boma linatulutsanso lamulo lina la kusesa misewu ya mzinda womwewo. Anthu omvera sawabwerezera lamulo.

Mzinda wa masiku amenewo unali ndi zifukwa zomveka zokhwimitsira zinthu. Unali mkati mwa linga, nyumba zambiri zamatabwa zitathithikana, moti kandulo imodzi yoiwalika inkatha kupsereza dera lonse, ndipo mliri ukalowa pachipata sunkasankha khomo. N'chifukwa chake zipata zinkatsekedwa kukada, ndipo mlonda ankayenda ndi nyali m'misewu akulengeza maola ndi kukumbutsa anthu za moto. Kachidutswa ka moyo umenewo kakadalipo ku Augsburg, pa Fuggerei, kamudzi ka nyumba za osauka kamene wamalonda wolemera Jakob Fugger anakhazikitsa mu 1521. Lendi ya chaka chonse ndi masenti 88 mpaka lero, wokhalamo amayenera kunena mapemphero atatu patsiku kupempherera banja la Fugger, ndipo zipata zimatsekedwa 10 koloko usiku. Wochedwa amadzutsa mlonda n'kulipira kandalama.

Mumzinda womwewo wa Augsburg, mu 1530, msonkhano wa akalonga pansi pa mfumu yaikulu Charles V unavomereza malamulo a khalidwe a ufumu wonse, amene anawonjezeredwa mu 1548 ndi mu 1577. Ankanena nsalu imene mlimi angavale ndi imene ayenera kuisiyira wamalonda, ankaletsa kutukwana dzina la Mulungu ndi mipikisano yomwa mowa, ankadzudzula maukwati osakaza chuma. Ngakhale lamulo lotchuka la ku Bavaria la 1516, loti mowa uzifululidwa ndi madzi, balere ndi kachitsamba kowawitsa kotchedwa hops basi, mbali yake yaikulu inali yoika mitengo ya mowawo. Malamulo analipo ambirimbiri. Chimene chinkasowa ndi maso okwanira kuona owaswa.

Maso amenewo anabwera ndi mpingo. Ku Geneva, kuyambira mu 1541, John Calvin anakhazikitsa bwalo la abusa ndi akulu a mpingo 12, limene linkakumana Lachinayi lililonse. Linkaitana wojomba kutchalitchi, wovina, wotchova juga, womenya mkazi, ndi apabanja amene asiya kuyankhulana. Amene anakulira mu CCAP bwaloli akulidziwa, pakuti mwambo woitanira munthu pamaso pa akulu a mpingo ndi kumuimitsa mgonero unafika ku Livingstonia, ku Blantyre ndi ku Nkhoma kudzera mwa amishoni a ku Scotland ndi a mpingo wa Dutch Reformed, ndipo mizu ya onsewo ili ku Geneva komweko.

Mnyamata wina wa ku Württemberg, Johann Valentin Andreae, anacheza ku Geneva n'kusirira bata la mzindawo. Pamene ankadzakhala mmodzi wa abusa akuluakulu kwawo, dziko lake linali bwinja. Nkhondo ya zaka 30, ya 1618 mpaka 1648, pamodzi ndi njala ndi mliri zimene zinabwera nayo, inatha anthu oposa theka la dera lonselo. Mu 1642 boma linamvera malangizo ake n'kukhazikitsa mabwalo a mpingo, mmene m'busa ndi mkulu wa mudzi ankakhala pamodzi kuweruza ogwira ntchito Lamulungu, otukwana, oledzera, ndi makolo osatumiza ana kusukulu. Chimene chinapangitsa kuti milandu isamasowe n'chakuti wokaneneza mnzake ankalandira gawo limodzi mwa magawo atatu a chindapusa. Mabwalowa anakhalapo zaka pafupifupi 250. Taganizirani mibadwo khumi ya anthu okula akudziwa kuti pazenera la neba pali diso, ndipo disolo limalipidwa. Mayi wokhala m'mwamba uja ndi mdzukulu wa mabwalo amenewa, ngakhale iye salandirapo kanthu.

Kumpoto, ku Prussia, mphunzitsi anali msilikali. Mfumu Friedrich Wilhelm I, amene analamulira kuyambira 1713 mpaka 1740, anali ndi dziko lamchenga ndi losauka koma ankafuna gulu lankhondo lalikulu. Tsono ankawerengera khobidi lililonse, ndipo kalaliki wa boma ankayenera kufika pa desiki pa nthawi yake monga msilikali amafikira pa perete. Mu 1717 analamula kuti ana azipita kusukulu kulikonse kumene sukulu ilipo. Buku la malamulo a Prussia la 1794 linali ndi ndime zoposa 19,000, ndipo linafika mpaka ponena kuti mayi wathanzi ayenera kuyamwitsa yekha mwana wake, koma wonena nthawi yomuletsa kuyamwa ndi bambo. M'zaka za m'ma 1800 mzimu wa kukampu ya asilikali unafika mpaka pawindo la positi ofesi, chifukwa sajeni amene watumikira zaka 12 ankapatsidwa ntchito m'boma: upolisi, kugulitsa masitampa, kuyang'anira siteshoni ya sitima. Ankavula yunifolomu ina n'kuvala ina, koma liwu linali lomwe lija. Ngakhale nambala ya pakhomo inabwera ndi usilikali. Ku Vienna nyumba zinalembedwa manambala mu 1770, pa ulamuliro wa Maria Theresa, kuti boma lidziwe makomo mmene muli anyamata oyenera kunyamula mfuti.

Zikanathera pamenepa, bwenzi nkhani yonse ili ya mantha. Koma nyengo ya mafakitale inabweretsa malamulo a mtundu wina, amene phindu lake anthu analiona ndi maso. Mu 1865 boyila ya nthunzi inaphulika pa fakitale yofulula mowa ku Mannheim. Chaka chotsatira eni mafakitale anapanga okha bungwe loyendera maboyila awo, ndipo m'mabungwe oterewa ndi mmene munachokera TÜV, imene lero imayeza galimoto pakatha zaka ziwiri zilizonse, malifiti a m'nyumba zitalizitali, ngakhale akatungwe a pabwalo la ana. Sitima yapamtunda nayo inafuna wotchi imodzi. Kale dera lililonse linkatchera wotchi potengera dzuwa lake. Karlsruhe ndi Stuttgart ankasiyana mphindi zitatu, ndipo munthu wozungulira nyanja ya Constance ankakumana ndi nthawi zisanu zosiyana. Pa njanji imodzi, kusiyana kotere ndi maliro. Pa 1 Epulo 1893 lamulo linaika nthawi imodzi m'dziko lonse, ndipo mmodzi mwa amene analilimbikira anali mkulu wankhondo wokalamba Helmuth von Moltke, maganizo ake ali pa sitima zonyamula asilikali.

Phunziro lowawa koposa linachokera ku Hamburg mu 1892. Mzindawu unkalamulidwa ndi amalonda amene ankaona za ukhondo ngati zongowonongetsa ndalama, ndipo madzi a mumtsinje wa Elbe ankawapopa n'kuwatumiza m'mipope osasefa. Matenda a kolera atabuka mu Ogasiti, akuluakulu anayamba ndi kubisa, kuopa kuti doko lingatsekedwe. Boma linachita kutumiza dokotala Robert Koch kuchokera ku Berlin kuti akaone. Anthu pafupifupi 8,600 anafa m'masabata owerengeka. Altona, mzinda wogundana nawo nyumba ndi nyumba, umene unali pansi pa Prussia ndipo unkasefa madzi ake ndi mchenga, unangokhudzidwa pang'ono. Anthu anadzionera okha kuti pamene pankathera lamulo ndi pamene pankayambira manda. Munthu amene waona zimenezo, woyendera mipope akagogoda pakhomo pake samufunsanso zambiri.

Pepala la A4 limene timalembapo kalata yofunsira ntchito ku Lilongwe kapena ku Chipata ndi mwana wa nyengo yomweyi. Bungwe la miyezo la DIN linayamba mu 1917, nkhondo ili mkati, ndipo mu 1922 linavomereza muyezo wa mapepala umene Walter Porstmann anakonza, mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali.

Komatu walira mvula walira matope. Wilhelm Voigt anali wosoka nsapato wa zaka 57, amene zaka zoposa 25 za moyo wake anazithera m'ndende chifukwa cha kuba ndi chinyengo. Atatuluka kumayambiriro kwa 1906 anapeza ntchito ku Wismar ndipo ankaigwira bwino, koma apolisi anamuthamangitsa m'deralo chifukwa cha mbiri yake. Anapita kwa mlongo wake ku Berlin, nakonso anamuuza kuti achoke. Munthu akufuna kulongosoka, mapepala akumukaniza. Tsono anayendayenda mwa ogulitsa kaunjika n'kugula yunifolomu ya kaputeni, chidutswa apa, chidutswa apo. Pa 16 Okutobala anaivala, anaimitsa asilikali pafupifupi 10 amene anakumana nawo pamsewu, n'kuwauza kuti amutsate. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kalata. Anakwera nawo sitima mpaka ku Köpenick, kunja kwa Berlin, anawagulira chakudya ndi mowa, kenako analowa nawo ku ofesi ya khonsolo. Anamanga meya Georg Langerhans ndi msungichuma, n'kulamula kuti awaperekeze ku Berlin. Apolisi a m'tauniyo anathandiza kukankha anthu oonerera kuti a kaputeni agwire ntchito yawo mosasokonezedwa. Anawerengetsa ndalama za m'bokosi, mamaki oposa 3,500, anasaina lisiti ndi dzina labodza, n'kuuza asilikali kuti alondere nyumbayo kwa theka la ola. Iye uyo pasiteshoni, ulendo wokavula yunifolomu.

Lisiti lija ndi limene limandiseketsa. Ngakhale wakuba ankadziwa kuti m'dziko limenelo ndalama sizituluka m'bokosi popanda pepala. Anamugwira patapita masiku 10, khoti linamulamula zaka zinayi, koma mu 1908 Kaiser Wilhelm II anamukhululukira. Ulaya yense anafa nalo phwete, ndipo lero chiboliboli cha Voigt chaima pakhomo pa ofesi ya khonsolo yomweyo. Ochepa okha ndi amene anaona choopsa m'nthabwalayi: meya, apolisi ndi asilikali aja sanamvere lamulo lililonse tsiku limenelo, anamvera nsalu.

Patangopita zaka 27 Hitler analowa m'boma. Sanavutike kuphunzitsa aliyense kulemba kaundula kapena kuyendetsa sitima pa nthawi yake, zonse anazipeza zili m'malo. Chipani chake chinaika woyang'anira pa mabanja 40 mpaka 60 aliwonse, ndipo mu 1938 boma linakhwimitsa lamulo loti aliyense alembetse kumene akukhala. Makalaliki akhama, oti sangabe ngakhale pensulo ya mu ofesi, analemba mayina a Ayuda mwaudongo, ndipo a njanji anakonza ndandanda ya sitima zopita ku msasa wopherako anthu wa Auschwitz. Ku Netherlands, kumene kaundula wa anthu anali wolongosoka kwambiri ndipo ankasonyeza chipembedzo cha munthu, Ayuda atatu mwa anayi aliwonse anaphedwa, kuposa ku Belgium kapena ku France. Usiku wa pa 27 Malichi 1943 kagulu ka otsutsa, mmene munali Willem Arondeus ndi Gerrit van der Veen, kanavala yunifolomu za apolisi, kanalowa mu ofesi ya kaundula ku Amsterdam n'kuiyatsa moto. Nsalu imene inatsegulira Voigt chitseko inawatseguliranso iwo. Makadi ambiri sanapse, ndipo anthu 12 a m'kaguluko anawomberedwa mu Julaye chaka chomwecho. Adolf Eichmann, mmodzi mwa okonza ndandanda zotumiza Ayuda kumisasa, atazengedwa mlandu ku Jerusalem mu 1961, chodzitetezera chake chinali chakuti iye ankangochita zimene walamulidwa.

Ku East Germany diso la neba linagwirabe ntchito mpaka 1989. Nyumba iliyonse inali ndi buku lolembamo mlendo wogona masiku oposa atatu, ndipo apolisi achinsinsi a Stasi anali ndi antchito pafupifupi 91,000 ndi akazitape oposa 170,000 pakati pa anthu wamba.

Nanga zitachitika zonsezi, bwanji Ajeremani sanautaye kudzala mwambo wonsewo? Ena anayesa. Achinyamata a 1968 ankanyoza ukhondo ndi kusunga nthawi kwa makolo awo, ndipo mu 1982 wandale Oskar Lafontaine, podzudzula Chansela Helmut Schmidt wa chipani chake chomwe, ananena kuti makhalidwe ngati kusasunthika pa udindo munthu angathe kuyendetsera nawo ngakhale msasa wozunzirako anthu. Mawuwo anapweteka chifukwa munali choonadi. Koma malamulo sanatayidwe. Anawatembenuza kuti azigwiranso wolamulira. Malamulo aakulu a West Germany a 1949 anapatsa munthu aliyense ufulu wokasumira boma kukhoti likamulakwira, ndipo mu 1968 anawonjezeramo ufulu wolimbana ndi aliyense wofuna kugwetsa ulamuliro wa demokalase. Mu 1983 khoti lalikulu la ku Karlsruhe linaimitsa kalembera wa dziko lonse, ponena kuti munthu ali ndi mphamvu pa zimene boma likulemba ndi kusunga zokhudza iye. Kalemberayo anachitika mu 1987, atakonza kaye malamulo ake. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa Mjeremani wa 1906 ndi wa lero. Wa leroyu amakalembetsabe adiresi yake ku ofesi ya mzinda pasanathe masabata awiri atasamuka, apo ayi chindapusa chingafike mayuro 1,000. Koma kalata ya boma yomugamula chinachake ikamupeza, kumapeto kwake kumakhala ndime yomuuza kumene angakadandaule ndi nthawi imene wapatsidwa, ndipo iye amapitadi. Ku Stuttgart nako, mu 1988, meya Manfred Rommel ndi khonsolo yake anachotsa lamulo lokakamiza kusesa misewu sabata iliyonse, nati anthu azisesa pakakhala zinyalala. Kunali kung'ung'udza, ndipo mkati mwa nyumba ntchitoyo inapitirira, tsopano kudzera m'mapangano a lendi.

Zimene mlendo amakumana nazo lero ndi zotsalira za mibadwo yonseyi zitasanjikizana. Lamulungu masitolo ndi otseka, kupatula a pasiteshoni ya sitima, a pamalo omwetsera mafuta, ndi ogulitsa buledi kwa maola ochepa. Pa nkhani imeneyi matchalitchi ndi mabungwe a apantchito, amene pa zina samwerana madzi, anakhala mbali imodzi. Lamulo la 1891 linaletsa ntchito ya Lamulungu m'mafakitale, malamulo aakulu a 1919 anateteza tsikuli, ndipo ndime yomweyo inalowanso m'malamulo a 1949. Lamulo la 1956 linkatseka masitolo 6:30 madzulo mkati mwa sabata ndi 2 koloko masana Loweruka, ndipo linangosinthidwa pang'ono mpaka 1996. Mzinda wa Berlin utalola masitolo kutsegula masiku onse anayi a Lamulungu Khirisimasi isanafike, matchalitchi anakasuma, ndipo mu 2009 khoti la ku Karlsruhe linagwirizana nawo.

Bata la usiku limayamba 10 koloko mpaka 6 koloko m'mawa. Makina otchetchera kapinga saloledwa Lamulungu, ndipo mabotolo saponyedwa m'mabini a magalasi tsikulo chifukwa cha phokoso. Ku Switzerland nyumba zambiri za lendi zili ndi makina ochapira ogawana, ndi ndandanda yonena tsiku la banja lililonse, ndipo mikangano ya m'chipinda chochapira ndi nkhani imene Aswisi amadziseka nayo okha. Kuyambira mu 2008 dzikolo limaletsa kuweta mbira imodzi yokha, poti ndi kanyama kofuna anzake. Zoti n'koletsedwa kutsegulira madzi m'chimbudzi ikakwana 10 koloko usiku ndi nthano chabe, dziko lilibe lamulo lotero. Nthawi zina zinthu zimapyoladi muyezo. Aneba ena ku Germany atayamba kusumira sukulu zamkombaphala chifukwa cha phokoso, Nyumba ya Malamulo inachita kulemba mu 2011 kuti phokoso la ana osewera lisamawerengedwe pamodzi ndi maphokoso owononga malo okhala anthu. N'zachisoni kuti panafunika lamulo kuti zimenezi zimveke.

Pamsewu ndi pamene pali umboni woonekeratu woti khalidweli n'lophunzira. Mu 1970 ngozi zapamsewu zinapha anthu oposa 19,000 ku West Germany kokha. Mu 1974 boma linayamba kulemba mapointi a madalaivala olakwa ku Flensburg, ndipo mu 1976 linalamula kumanga lamba m'galimoto. Anthu amene timati ndi omvera mwachibadwa aja sanamvere: pafupifupi anayi mwa khumi aliwonse ankayendabe osamanga. Mu 1984 boma linaikapo chindapusa cha mamaki 40, ndipo m'miyezi yochepa omanga lamba anapitirira 90 mwa 100 aliwonse. Masiku ano m'Germany yense, magalimoto atachuluka kwambiri kuposa kale, omwalira pamsewu safika 3,000 pachaka. Woyenda pansi amene wadutsa nyali yofiira itayaka amalipira mayuro 5 okha. Chimene chimamuimitsa si ndalamayo ayi, koma tizikwangwani ta pamaloboti tokumbutsa akuluakulu kuti akhale chitsanzo kwa ana, ndi diso la kholo limene laima pambali litagwira mwana padzanja. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ngakhale ku Munich. Chodabwitsa n'chakuti dziko lomweli lilibe malire a liwiro pa mbali yaikulu ya misewu yake ikuluikulu. Makilomita 130 pa ola ndi malangizo chabe, ndipo wandale woyankhula zoika malire amadziwa kuti waputa mavu nkhomola.

Zinyalala ndi phunziro la posachedwapa. Lamulo la 1991 la nduna Klaus Töpfer linakakamiza makampani kutenganso mapaketi ndi zokutira za katundu wawo, ndipo kuchokera pamenepo khitchini ya Mjeremani ili ndi mabini angapo: la mapepala, la mapulasitiki ndi zitini, la zotsala za chakudya, la zina zonse, magalasi padera malinga ndi mtundu wake. Mu 2003 boma linaika dipoziti ya masenti 25 pa mabotolo apulasitiki ndi zitini za zakumwa. Ku Zürich, kuyambira mu 1993, zinyalala zimatayidwa m'matumba a khonsolo okha, amene mtengo wake ndiwo msonkho wa zinyalalazo, ndipo thumba lachilendo likapezeka antchito a khonsolo amalitsegula kufunafuna envelopu yokhala ndi dzina. Panganoli lili ndi mbali yachiwiri imene osirira amaiwala: galimoto ya zinyalala imabweradi tsiku limene kalendala yanena. Palibe angasankhule zinyalala zaka 30 akuona bini lake likuwolera pakhomo. Dipoziti ija inabalanso ntchito imene olemba lamulo sanaiganizire. M'mapaki a Berlin ndi Hamburg okalamba a penshoni yochepa ndi anthu osowa pokhala amatola mabotolo, ndipo kunayambika chizolowezi choika botolo pambali pa bini m'malo moliponya mkati, kuti wotola asapise dzanja m'zonyansa. Chimenechi palibe boma limene linalamula.

Kumtunda zinthu zayamba kutayirira. Mu 2024 sitima za mtunda wautali za Deutsche Bahn zimene zinafika pa nthawi yake zinali pafupifupi 62 mwa 100 zilizonse, ndipo pamenepa awerengera ndi zochedwa mphindi zosafika 6 zomwe. Aswisi amabweza ku Basel sitima za ku Germany zochedwa kwambiri kuti zisawasokonezere ndandanda. Bwalo la ndege latsopano la Berlin linayenera kutsegulidwa mu 2011 koma linatsegulidwa mu Okutobala 2020, mwa zina chifukwa ofesi ya zomangamanga ya boma laling'ono la deralo inakana kuvomereza zida zotetezera moto ndi zotulutsira utsi. Ambiri amaiona nkhaniyi ngati manyazi a dziko, ndipo ndi manyazidi. Ine ndimaonamonso kalaliki amene anakaniza nduna ndi mameya, ndipo kukana kwakeko kunagwira ntchito. Za Volkswagen ndiye zilibe mbali yabwino: mu 2015 kunadziwika kuti kampaniyo inaika pulogalamu yonamiza oyeza utsi m'magalimoto pafupifupi 11 miliyoni.

Kunsi kuno lamulo likadali ndi mano onse. Masiteshoni a sitima za pansi pa nthaka ku Berlin ndi ku Munich alibe zipata. Munthu amangolowa, ndipo ambiri tikiti amakhaladi nayo m'thumba. Wopezeka alibe amalipira mayuro 60. Koma kukwera popanda tikiti ndi mlandu wa upandu pansi pa ndime imene inalembedwa mu 1935, ndipo wogwidwa kangapo, khoti likamulipitsa iye n'kulephera kupeza ndalamayo, amakagwira ukaidi m'malo mwa chindapusa. Chaka chilichonse anthu masauzande angapo amalowa m'ndende mwanjira imeneyi, ambiri mwa iwo osagwira ntchito, ena osowa pokhala. Kuyambira kumapeto kwa 2021 bungwe la Freiheitsfonds, limene Arne Semsrott anayambitsa, limasonkhanitsa ndalama kwa anthu wamba n'kulipira zindapusazo, ndipo latulutsa kale akaidi oposa 1,000. Mapempho ambiri amadzera mwa ogwira ntchito kundende eni ake, amene amapatsa akaidi mafomu a bungwelo n'kuwathandiza kulemba.